Telala Amene Anayesa Mapulogalamu Ngati Nsalu

Taganizani m'mawa wamba mu shopu ya telala. Chitseko changotsegulidwa kumene, pansi padakali timaulusi ta dzulo, ana akudutsa panja kuthamangira belu la kusukulu. Mwini shopuyo, mayi amene anawo amawatcha Azakhali a Singano chifukwa chowasokera mabatani ulere, sali pa makina osokera. Akhala pa benchi, magalasi ali pamphuno, akuyang'ana laputopu ndi diso loyang'anira wakuba.

Mayiwa ankalemba buku, nkhani yaitali ya akazi awiri apachibale olimbirana nyumba ya malemu bambo awo. Chovuta chinali makina. Kunyumba ankalembera pa laputopu yakale ya mwana wawo wamkazi, makasitomala akachepa ankawonjezera pa foni, pomwe wosindikiza mabuku anali ndi kompyuta ya mtundu winanso. Tsiku lina anapititsa mitu yoyambirira kumeneko. Potsegula, anapeza ndime zitaphatikizana, tsamba lina litasowa. Kuyambira pamenepo sanakhulupirirenso pulogalamu iliyonse yolembera, ngakhale munthu woichemerera.

Wochemerera wamkulu anali mkamwini wawo.

"Amayi, iyi ndiye yabwino," anatero akuloza. "Imagwira pa makina onse. Mukalemba pa foni, pa laputopu zifikanso."

"Zifika bwanji? Ziyenda wapansi?"

"Zimadutsa pa intaneti."

"Ehe! Nanga podutsapo aziwerenga ndani? Inu?"

"Ine ndiwerengerenji, amayi?"

"Mukufuna muone ngati mwamuna waulesi wa m'bukumu ndi inu."

Mkamwini anaseka. Apongozi akewo sanaseke.

Telala sasoka nsalu yachilendo asanaiyese. Amadulako kachidutswa, kukachapa, kukasita, n'kuona ngati kafupika kapena kasuluka. Azakhali anachita zomwezo. Analemba tsamba limodzi lopanda chinsinsi, lofotokoza kasokedwe ka kolala, m'pulogalamu iliyonse imene anthu anawapatsa. Kenako anazungulira nalo: pa foni, pa laputopu, mpaka kwa wosindikiza.

Pulogalamu imene anawaikira wokonza mafoni inakaniratu kutseguka pa laputopu. Imene anaiyamikira kasitomala wina inafika kwa wosindikiza mizere itasokonekera. Yokhayo imene inatuluka bwinobwino inali ya mkamwini ija.

Izi sizinawasangalatse. Anayesanso ndi tsamba lina, zotsatira n'kukhala zomwezo. Ndiye anabwerera kwa wosindikiza, n'kutsamira pa kauntala.

"Achimwene, mkamwini wanga mumamudziwa?"

"Sindinamuonepo, mayi."

"Wamtali, wokonda malaya a mizeremizere."

"Ayi ndithu."

"Onse ogwirizana amayankha choncho."

Anakhala masiku angapo osalemba kalikonse, akusoka ndi kung'ung'udza. Koma akazi awiri a m'nkhani aja anali atawasiya pakhomo la nyumba, makiyi ali m'manja mwa wamng'ono, ndipo mtima sunawalole kuwasiya pomwepo. Anaitanitsa mkamwini.

"Bambo, ikani buku langali m'pulogalamu yanuyo. Koma mawu achinsinsi otsegulira ndisankha ndekha. Tembenukani, muyang'ane khoma."

Mkamwini anatembenuka, mphuno pafupi ndi madiresi opachikidwa.

"Tsinzinaninso. Pakhomapo pali galasi."

Anatsinzina mpaka mayiwo atamaliza kudina ndi chala chimodzi.

Bukulo analimaliza chaka chomwecho, ndipo linatseguka pa kompyuta ya wosindikiza mitu yonse ili m'malo mwake.