Nyali za Galimoto ya Apongozi

Nditakwatiwa ku Mlangeni ndinapeza galimoto itakhala pa miyala kuseri kwa khola la ng'ombe. Inalibe matayala, ndipo m'mabowo a nyali zakutsogolo munali mutamanga mavu. Anabwera nayo ndi apongozi aamuna pochokera ku Joni, atatopa ndi mgodi. Amuna anga, omwe amakonza injini za zigayo, anayamba kuidzutsa chaka chimene ndinabereka mwana woyamba. Ankafulumira, chifukwa maso a bambo awo anali akuchita ng'ala, ndipo mkuluyo ankafuna kuiona ikuyaka maso asanatheretu.

Injini itayamba kulira, amuna anga anapita ku Lizulu n'kubwerako ndi nyali ziwiri zapulasitiki. Atazimanga anawagwira dzanja bambo awo kupita nawo pagalimoto. Apongozi anazisisita, n'kugogoda ndi chikhadabo.

"Izi wazizula pa minibasi ya yani?"

"N'zabwino izi, bambo. Zimaunika mpaka ku Mozambiki."

"Ku Mozambiki ndikatengako chiyani? Za galimotoyi zinali zagalasi, zolemera, za mizere mkati, manambala otukuka m'mphepete. Kuwala kwake kunali kwachikasu."

Ine ndinali pakhonde ndikuyamwitsa. Atatchula mizere ndinakumbuka kambale kagalasi kamene ndinkamwetsera anapiye, kamene anandipatsa apongozi aakazi. Ndinakatsuka ndi phulusa, n'kukapereka nditagwada. Anakapapasa nthawi yaitali.

"Mpongozi, nyali imeneyi mwaitenga kuti?"

"Kwa anapiye, bambo."

Anaseka mpaka kutsokomola.

Kwathu kuno chinthu chikafa sichitayidwa. Galimotoyo itaima, abale anaigawana ngati ng'ombe ya pamaliro. Chitseko cha buti chinkatchinga nkhumba, mpando wakumbuyo unali pakhonde pa amalume. Mikombero yachitsulo yogwira magalasi tinaipeza itapachikidwa m'nkhokwe. Koma galasi lachiwiri palibe ankakumbuka kumene linapita.

Kuyenda nalo galasi limodzi lotsalalo ndinkaopa, lingasweke. Ndiye ndinang'amba pepala m'kope, n'kulikanikiza pagalasipo, n'kukhutiza ndi khala mpaka manambala ndi mizere zinatuluka. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma kufanizitsa ndimatha. Ndikaweruka kudimba la mbatata ndinkabereka mwana, pepala m'chitenje, khomo ndi khomo la abale.

Ndinaona magalasi ambiri masabata amenewo. Wina anatulutsa la thirakitala, wina la lole. Lina linali lofanana kukula, mpaka ndinabwera nalo kunyumba, koma mizere yake inkapendekera kwina ndipo nambala yomaliza inali yosiyana.

"Tingoikapo lomweli, amake mwana," anatero amuna anga. "Bambo sazindikira."

"Mwaiwala kale za minibasi?"

Mawa lake ndinakalibweza.

Galasi lenilenilo ndinakalipeza kwa azakhali awo a amuna anga, kutsidya kwa mtsinje, likuvundikira mtsuko wa mchere. Ndinayala pepala langa pamphasa, n'kuwerenga nambala imodziimodzi, kawiri, mwana akukoka ngodya ya pepala. Zonse zinagwirizana.

"Chivundikiro changa chimenecho?" anatero azakhali. "Achimwene anga akufuna akafunsirenso mbeta ndi galimoto yawoyo?"

"Akufuna angoiona, azakhali. Maso aja akutha."

Analipukuta okha ndi chitenje. Anangoti ndidzawabweretsere mbale ina, mchere ungalowe chinyezi. Ndinalikulunga mu juzi ya mwana, ndipo powoloka mtsinje ndinavula nsapato kuti ndisaterereke.

Amuna anga anamanga magalasi onse awiri Loweruka m'mawa, n'kuika mababu achikasu. Padzuwa apongozi sakanaona kanthu, choncho tinamanga matayala obwereka, n'kukankhira galimoto m'shedi yosungiramo mbatata, n'kutchinga pakhomo ndi mabulangete. Ndinawaimika kutsogolo kwake, ndikuwagwira pachigongono. Kenako nyali zinayaka.

"Mukuona, bambo?" anafunsa amuna anga ali mkati.

Apongozi anatseka diso limodzi, kenako linalo.

"Ndikuona ziwiri. Koma yakumanjayi ikuyang'ana kudenga. Itsitse."

Amuna anga anatuluka ndi sikuludiraiva, n'kumapotokola pang'onopang'ono, bambo awo akunena kuti pang'ono, pang'ononso, basi pamenepo. Kenako anapempha mpando. Tinawasiya atakhala pomwepo, ine n'kupita kukafuna chomwetsera anapiye.