Bowo la m'dimba la apongozi

Chaka cha chilala chija anandisankha kulowa mu komiti ya madzi ya dera lathu ku Rufunsa, ndipo ndinavomera chifukwa chokonda ulemu basi. Ntchito yake inali kusunga kiyi wa pa thanki, kuperekeza anthu a kampani ya madzi akabwera, ndi kulandira matukwano m'malo mwawo akapita. Madzi athu amachokera pa chitsime chakumunsi. Pampu imawakankha m'paipi yokwiriridwa pansi mpaka pa thanki ya pachitunda, kenako amatsikira ku mipopi yathu.

Mu Okutobala mipopi inayamba kungodontha ngati mphuno ya mwana wachimfine. Magetsi akabwera, madzi oyamba ankatuluka ofiira, onunkha dothi. Ana angapo anatsegula m'mimba, wathu womaliza nayenso. A kampani anabwera n'kutiuza kuti paipi yabooka penapake, ndipo pampu ikazima imayamwa matope pabowopo. Anati tikalephera kulipeza pofika Lolemba atseka mzere wathu wonse, chifukwa thankiyo imamwetsanso odwala ku kiliniki.

Ndinayamba kukayikira aliyense. Woumba njerwa kuseri kwa msika ndinamufunsa kumene amatenga madzi, anangondionetsa ngolo yake ndi migolo, koma sindinakhutire. Anyamata otsuka maminibasi pamsewu waukulu ndinawazonda mpaka anayamba kunditcha wapolisi. Ngakhale akatekisiti athu ndinawayang'ana ndi diso loipa, chifukwa maluwa a patchalitchi anali obiriwira mopitirira muyeso. Munthu akandipatsa moni mwansangala ndinkati ameneyu akubisa kanthu.

Kenako ndinaganiza zotsata paipi ndi mapazi, kuyambira kuchitsime. Ponseponse udzu unali wouma, dothi long'ambika. Ndipo ndinatulukira pa dimba la matimati obiriwira bii, nthaka yake yonyowa, chikhalirecho mtsinje unaphwa kalekale. Dimbalo linali la apongozi anga aamuna.

Muyenera kumvetsa. Ine ndine mkamwini, nyumba yanga ili pamalo awo. Zaka zonsezi sindinawayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira ndimapatuka, kunjuta pambali n'kuwomba m'manja. Nkhani iliyonse yolemera imadutsa mwa ankhoswe. Ndiye ndikanayambira pati kuwauza kuti aboola paipi ya boma?

Ndinapita kwa ankhoswe athu n'kuwauza mosapsatira kuti madzi a m'dimbamo ndi akuba, ana akudwala, ndipo mzere utsekedwa.

“Iyi nkhani ni yolema, mwana wanga,” anatero. “Sitingaiponye chabe monga mwala. Tizaikamba bwinobwino.”

Anakaikambadi bwinobwino. Iwo anauza amalume a mkazi wanga, amalumewo anauza apongozi aakazi, ndipo aliyense ankaichotsako minga pang'ono kuti isabaye. Loweruka mlamu wanga anafika pakhomo atasenza beseni lodzaza matimati.

“Batate bamvera kuti munapita ku dimba,” anatero akumwetulira. “Bakuti zikomo poyamikira. Mudyeko.”

Ndinapsa mtima. Mpaka lero sindidziwa ngati uthengawo unasochera panjira, kapena mdalayo anaumva bwino lomwe n'kusankha kunditseka pakamwa ndi matimati. Ndinatembenukira kwa mkazi wanga, amene ankawiritsa madzi a mwana, n'kumupempha kuti akalankhule ndi atate ake iyeyo.

“Ni batate banu naimwe,” anayankha, maso ali pa moto.

Ndinamumvera chisoni. Ndinaganiza kuti mwana wamkazi sanganene atate ake, ndipo sindinamukakamize.

Lolemba a kampani anafika ndi makasu ndi zipangizo zawo, apampando a komiti ali nawo, ndi khamu la anthu osowa chochita pambuyo. Ndinawatsogolera ndekha. Apongozi anali khale pansi pa mtengo m'mphepete mwa dimba. Ndinanjuta patali, ndinawomba m'manja. Mkulu wa a kampani atawafunsa za paipi, anati iwo paipi saidziwa, amangodziwa kuti malowo Mulungu anawapatsa chinyezi.

Anyamata anayamba kukumba pamene panaoneka ponyowa kwambiri. Sanapeze kanthu. Anasunthira mzere wina, akuzula matimati odzaza zipatso n'kumaponya pambali. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti mwina ndawanamizira achikulire. Ine ndinayamba kudzikayikira ndekha.

Pamenepo mkazi wanga anadutsa pakati pa anthu. Sindinaone kuti wafika nthawi yanji.

“Lekani kuononga matimati,” anauza anyamatawo. “Si apo.”

Analanda khasu kwa mmodzi, anayenda molunjika kukona ya dimba kumene kunali mulu wa mapesi, anawakankha ndi phazi n'kukumba pang'ono. Paipi inaonekera. Inali yokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo kapaipi kakang'ono kanatulukira pamenepo kulowera m'mizere.

Kenako maso onse anatembenukira kwa ine, osati kwa iye.

“Ba komiti,” anatero apampando pang'onopang'ono, “mwatizungulusa mu zuba, mwatukwanisa bantu bosalakwa, kansi nkhani ili mu nyumba mwanu?”

Ndinalumbira kuti sindinkadziwa. Wina anaseka kumbuyo. Apampando anangotambasula dzanja, ndipo ndinawapatsa kiyi wa pa thanki. A kampani anamata bowolo, mzere sanautseke, koma panalibe amene anandithokoza.

Anthu atabalalika ndinatsala ndi mkazi wanga pakati pa matimati ozulidwa. Ndinamufunsa motsitsa mawu kuti malowo anawadziwa bwanji. Ndinkafunitsitsa atanena kuti anangoona atate ake akukumba, ndipo ndikanamukhulupirira.

Anandiyang'ana m'maso osaphethira.

“Batate musana unakana kalekale, sibakwanisa na kunyamula khasu,” anatero. “Imwe munayenda kufunsa Rufunsa yonse. Ine munanifunsapo?”