Nyimbo Imene Ndinachotsa pa Chimbale cha Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene maso a atate anayamba kuchita chifunga. Matenda a shuga anali atawagwira kwa nthawi ndithu, ndipo pofika nyengo ya mvula sankathanso kuwerenga ngakhale zilembo zikuluzikulu za pa nyuzipepala. Kuyambira pamenepo ine ndinakhala maso awo. Ndinkawawerengera makalata, kuwalembera zimene akufuna ndi kuwagwira dzanja podumpha msewu.

Atate anali woimba komanso wolemba mabuku. Anachoka ku Katete ali mnyamata, gitala ili kumsana, nadzakhazikika mumzinda, ku Kabwata, m'kanyumba ka zipinda ziwiri momwe ine ndinabadwira. Nyimbo zawo zinadzaza makatoni awiri a makaseti, ndipo analemba timabuku titatu ta nkhani za Chinyanja. Dzina anali nalo, koma chakudya cha pakhomo chinkachokera kwa amama, amene ankakazinga vitumbuwa pa mbaula kunja kwa msika kuyambira ine ndisanabadwe.

Tsiku lina kunabwera ba Musonda, mwini kasitudiyo kena ka kudera la mafakitale la Heavy Industrial, munthu wamfupi wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba. Anakhala pampando wathu wa chingwe nayamba kufotokoza.

“Bashi Tisa, makaseti yasila nchito manje,” anatero, akuwaitana atate ndi dzina langa m'Chibemba. “Bana ba lelo bafuna masidi. Sankhani nyimbo teni zamene mukonda maningi, na nkhani zitatu tifake mu kabuku. Tizazisuka pa kompyuta, zizankala mpaka bazukulu banu.”

Anawonjezera kuti kuyeretsa nyimbo imodzi ndi ntchito ya masiku angapo, choncho adzagwira zokhazo zimene atate asankhe.

Kusankhako kunatitengera masabata awiri. Ndikaweruka kusukulu ndinkapeza atate atakhala kale pakhonde, kawailesi ka makaseti kali pamwendo. Ine ndinkaika kaseti, n'kumaibweza ndi bolopeni kuti mabatire asathe msanga, iwo n'kumamvetsera atapendeketsa mutu. Ndinadabwa kuona mmene ankakanira nyimbo zimene anthu ankazikonda. Ina imene inkavinidwa m'maukwati onse anaimvera mpaka pakati, kenako anati, “Zimitsa. Anthu anavina, koma ine ndinanama m'menemo.” Ina ya Chizungu, ya chikondi, imene ankaimba m'mahotela a m'tauni, sanafune n'komwe kuti ndiiyambe. Anati anaipanga kuti asangalatse anthu odya ndi mafoloko, ndipo mawu ake sanali awo. Ngakhale pa nkhani za m'mabuku anasiya ija aphunzitsi ankaiyamikira, nasankha ina yaifupi ya mlonda amene ankalondera nyumba yopanda anthu ku Kabulonga.

Pa nyimbo imodzi yokha sanazengereze. Inali yotchedwa “Mbaula ya Amake Tisa”, ndipo anati ikhale yoyamba. Anaipeka ine ndili khanda, nthawi imene ankakhala miyezi osaitanidwa kukaimba kulikonse. Inali gitala yokha ndi mawu awo, popanda ng'oma. Pakati pake panali mawu awa:

Amake Tisa, utsi uli m'maso,
mwana kumbuyo mamina ali chuchuchu,
koma moto simunauleke.

Nyimbo imeneyi ine ndinkadana nayo. Chaka chimenecho ndinali nditapeza malo pasukulu ina ya ku Woodlands chifukwa ndinakhoza bwino mayeso. Anzanga ambiri ankatsika m'magalimoto a makolo awo, nsapato zili phuliphuli, pamene ine ndinkatsika minibasi patali n'kupukuta fumbi ndi mpango ndisanalowe pageti. Atandifunsa ntchito ya amama, ndinawauza kuti amagwira mu ofesi mu Cairo Road. Bodzalo linakhala bwino mpaka tsiku limene mtsikana wina, Mwaka, anamva nyimbo ija pa wailesi ya mayi wantchito wa kwawo. Anabwera m'kalasi akuiimba, akukoka mphuno mwadala. “Kansi ndiwe Tisa wa mamina? Bamami bako bagulisa vitumbuwa?” Kalasi lonse linaseka. Kuyambira tsiku limenelo, ndikaimirira kuyankha funso, wina kumbuyo ankakoka mphuno. Ndinkadzitonthoza kuti nyimboyo ndi yakale, wailesi idzaiiwala. Tsopano atate ankafuna kuiika poyamba pa chimbale chatsopano.

Titamaliza kusankha, atate ananditchulira mayina a nyimbo khumi, ine ndikulemba. Kenako anandiuza kuti ndikopere papepala loyera ndi kuika makaseti ake m'jumbo, poti ba Musonda abwera kudzatenga mawa lake. Ndinakhala patebulo, iwo ali pafupi penipeni, akung'ung'udza kanyimbo. Pa nambala wani ndinalemba dzina la nyimbo ya Chizungu ija. Ndinatulutsa kaseti ya Mbaula m'jumbo n'kuibweza pansi pa katoni, ndipo m'malo mwake ndinaikamo inayo. Atate anandifunsa ngati ndamaliza, ndinati inde, iwo anandisisita kumutu nati ndili ndi zilembo zokongola ngakhale sakuziona.

Chimbale chinatuluka patapita miyezi itatu. Mwambo wake unachitika Loweruka masana mu holo ya tchalitchi china ku Chilenje. Amama sanakazinge tsiku limenelo, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Atate anali atawauza kale kuti nyimbo yawo ndiyo yoyamba, choncho anaitana anzawo asanu a kumsika, ndipo onse anavala chitenge chofanana, chobiriwira. Anakhala mzere wachiwiri. Ine ndinakhala pambali pa atate kutsogolo.

Ba Musonda atamaliza kulankhula anaika chimbale. M'masipika munatuluka piyano ndi mawu a Chizungu. Ndinaona atate akupendeketsa mutu monga ankachitira pakhonde, kenako nkhope yawo inauma. Anthu anawomba m'manja. Amama anadikira nyimbo yachiwiri, kenako yachitatu. Itayamba yachinayi anapempha chikuto cha chimbale kwa munthu amene anali patsogolo pawo, nayendetsa chala pamayina onse kuyambira pamwamba mpaka pansi, kawiri. Anabweza chikutocho mwaulemu, napinda manja pamwendo. Anzawo aja ankayang'ana pansi.

Titafika kunyumba amama anavula duku, naliika patebulo.

“Atate ake Tisa, mukanangondiuza,” anatero motsitsa mawu. “Sindikanaitana anthu. Utsi ndaumwa ine zaka zonsezi, koma pamaso pa anthu a masuti mwasankha ya Chizungu. Kaya munaimbira ndani imene ija.”

Atate analumbira kuti sanaisankhe, kuti ba Musonda ndiwo asintha pofuna malonda. Amama anatenga mphasa n'kukayala kuchipinda kwanga. Ine ndinali pakhomo la khitchini ndikumva zonse, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Lolemba atate anandiuza kuti ndisapite kusukulu, ndiwaperekeze kusitudiyo. Tinakwera minibasi mpaka m'tauni, kenako ina ya ku Heavy Industrial. Tinayenda m'mbali mwa mipanda ya mafakitale, malole akutithira fumbi, dzanja lawo lili paphewa langa. Njira yonse ankakonzekera mawu oti akanene. Ine ndinkapemphera kuti tikapeze potseka.

Tinapeza potsegula. Atate sanadikire moni. Ananena kuti ba Musonda awachititsa manyazi pamaso pa mkazi wawo, kuti apezerapo mwayi pa munthu wosaona. Sindinawamvepo akulankhula mokweza chonchija. Ba Musonda anawasiya mpaka anamaliza, kenako anatsegula dirowa natulutsa pepala.

“Bashi Tisa, ine nakonka chabe vamene munanipasa. Pepala ni iyi. Mwana abelenge.”

Atate anatembenukira kumene ndinaima. “Tisa, werenga.”

Ndinalandira pepalalo. Zilembo zanga zozungulira zija zinali pomwepo, ndi kamzere kamene ndinajambula pansi pa mutu ndi lula. Ndinaganiza zowerenga dzina la Mbaula, koma ba Musonda ankandiyang'ana. Ndinawerenga zimene zinalembedwa.

“Zilembozo ndi za ndani?” anafunsa atate.

“Zanga.”

Atate anavula chipewa, natembenukira kumene kunkachokera mawu a ba Musonda. “Mundikhululukire, mwana wa kwathu. Ndakunenerani zoipa popanda chifukwa.” Anafunsa ngati zingatheke kukonza. Ba Musonda anati zimbale zonse zinali zitadindidwa kale ndipo zina zapita m'masitolo, mwina chaka chamawa akadzadindanso.

Tikudikira minibasi pamsewu, atate anandifunsa chifukwa chake. Ndinawauza za Mwaka, za kukoka mphuno, ndi za ofesi ya mu Cairo Road. Ndinkalira, ndipo ndinkayembekeza kuti andimenya kapena andikalipira. Iwo anangofunsa funso limodzi.

“Chakuchititsa manyazi ndi mamina, kapena ndi amako?”

Minibasi itaima atate anati, “Ine amako sindiwauza. Andikwiyire mpaka iwe utapeza pakamwa.”

Pa zonse zimene ndinachita, chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi: ndinatenga masiku anayi. Masiku anayi ndinkaona amama akuika mbale patsogolo pa atate osalankhula, atate n'kumafufuza ndiwo ndi zala popeza panalibe wowauza mbali imene zili. Ndinkamva anzawo a kumsika akuwafunsa pampanda ngati kunyumba kuli bwino. Atate sanandiponyere mawu ngakhale amodzi. M'mawa ankandiuza kuti ndiyende bwino monga masiku onse, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa chikwapu.

Lachisanu ndinatsikira pamsika ndili mu yunifolomu. Kuyambira pamene ndinayamba sukulu ya ku Woodlands ndinali ndisanaimepo pambaula ya amama nditavala choncho. Ndinawapeza akutembenuza vitumbuwa ndi chipande cha mabowo, mafuta akulira m'chiwaya. Ndinagwada pafupi ndi thumba la makala n'kunena zonse, mofulumira, ndikuyang'ana phulusa.

Amama anapitiriza kutembenuza. Kunabwera munthu wogula, anamukulungira ziwiri m'pepala, napita. Kenako anandifunsa kuti anzangawo ndinawauza kuti iwo amagwira kuti. Ndinawauza.

“Mu Cairo Road,” anabwereza. “Wandipezera ntchito yabwino.” Anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenge. “Atate ako ndawalakwira sabata yathunthu.”

Ndinafuna kuwathandiza kuwonjezera makala, koma anandiletsa ndi dzanja.

“Suntha apo. Yunifolomu inganunkhe utsi, anzako angadziwe.”

Sananene mwaukali. Ananena ngati akundichenjeza za matope. Ndinaimirira n'kupita kunyumba, ndipo madzulo amenewo amama anabweza mphasa, naphikira atate nsomba.

Nkhaniyi sinatchulidwenso pakhomo pathu. Ndinapitiriza kulembera atate makalata, koma ndikamaliza ankati ndipereke kwa amama awawerengerenso, ngakhale amama ankawerenga movutikira, liwu limodzilimodzi. Ndinkakhala pomwepo kumvetsera, ndipo ndinkadziwa kuti ndi ine ndinachititsa. Chimbale sichinadindidwenso. Kaseti ya Mbaula tinaiika tsiku lina, wailesi n'kuitafuna, tepi yake inali itafooka ndi chinyezi cha pansi pa katoni. Atate anayesa kuijambulanso, koma zala zawo zinali zitachita dzanzi ndi shuga, sizinkamvanso zingwe za gitala. Anamwalira ine ndili m'kalasi lomaliza la sekondale.

Lero anthu akafuna kudziwa kuti atate anali woimba wotani, amamvera chimbale chija, ndipo choyamba kumva ndi nyimbo imene iwo anaikana. Ena amandiyamikira kuti atate anga ankadziwa Chizungu chokoma. Ndimangogwedeza mutu.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti kusankha nyimbo zabwino ndi kusankha zimene zingatikweze pamaso pa anthu. Atate ankasankha mosiyana. Atamvetsera ntchito ya moyo wawo wonse, anafunafuna pamene ananena zoona, ndipo anapeza kuti zoona zawo zazikulu zinali mkazi amene anawadyetsa ndi mwana amene anali kumsana kwake. Inali njira yawo yothokozera amama pagulu, kamodzi, nthawi isanathe, ndipo ine ndinawalanda onse awiri tsiku limenelo. Mwaka sindidziwa n'komwe kumene ali, mwina za mamina anaziiwala chaka chomwecho. Amama akadali ndi moyo, amakhala ndi ine ku Chelstone. Chaka chatha ndinalimba mtima n'kuwaimbira nyimbo ija kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anamvetsera atatseka maso, nandikonza mawu awiri amene ndinalakwitsa, kenako anati ndiyambirenso.