Mbande 2,003 ndi Mbiri ya Mayi Nabanda

Lachinayi lapitali ndinaona amayi aulemu wawo akutchedwa akuba chifukwa cha kambande kamodzi ka mtengo. Zinandipweteka, ndipo ndikulemba mtima usanazizire.

Mpingo wathu kuno ku Kabudula unapempha mbande kunazale ina kuti tidzale m'milaga yathu isanu ndi iwiri. Amene anapita ndi ngolo kukatenga ndi Mayi Nabanda, msungi wa katundu wa chigwirizano cha amayi. Titawerenga tinapeza mbande 2,003. Mlaga uliwonse unalandira 286, kenako kamodzi kanatsala pansi.

Mkulu wampingo wina anakayang'ana kambandeko, n'kuyang'ananso Nabanda.

"Wopereka sangapereke zosakwanira. Apa zasowa zisanu ndi imodzi kuti tonse tilandire 287. Kodi mayi, ngoloyi inaima pati?"

"Sinaime paliponse, abambo," anayankha Nabanda motsitsa mawu.

Wina anati tionjezepo sukulu, tigawe pasanu ndi patatu. Zinatsala zitatu. Titayesa pasanu ndi panayi zinatsala zisanu. Kugawa kukakanika, manong'onong'o amakulirakulira.

Ine choko ndinachigwira zaka zambiri, ndiye ndinakhala pansi pamthunzi ndi kamtengo, n'kumagawa padothi. Ndinayesa 11, ndinayesa 13, mpaka 43, ndipo paliponse pamatsala kanthu. Kupitirira apo n'kudzitopetsa chabe. Nambala ikakhala yogawika, mwa nambala ziwiri zoichulukitsa imodzi imayenera kukhala yosafika 45, chifukwa 45 kuchulukitsa ndi 45 yadutsa kale 2,003.

Nambala yotere a masamu timaitcha pulayimu. Imalola kugawidwa ndi 1 kapena ndi iyo yokha basi. Ana amaloweza 7, 11 ndi 13 n'kumaganiza kuti zathera pomwepo, chonsecho zilipo zikuluzikulu ndipo sizitha. Ngakhale mutaitana Kabudula yense ndi Kasiya yemwe, mbandezi simungazigawe mofanana, pokhapokha mutapeza anthu 2,003 aliyense atenge kake.

Masamu paokha sangatsuke munthu, izo ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinaimbira foni mwini nazale uja onse akumva. Anati anapakira zonse zimene zinaphuka bwino, ndipo m'kope mwake munalembedwa 2,003.

Kodi khalidweli tinalitenga kuti, abale anga? Zinthu zikangokana kugawika, kaya ndi feteleza wa kukalabu, kaya ndi nyama ya pamaliro, maso athu amathamangira kwa amene wanyamula. Kuwerenga timakuona ngati ntchito yolemetsa, koma kuloza chala sitichedwa nako.

Foni itatha, anthu ananyamula mbande zawo akuseka, ati nambalayi ndi yamakani ngati aphunzitsi omwewa. Palibe amene anapepesa.

Lamulungu Nabanda sanabwere kutchalitchi. Anatumiza makiyi a chipinda cha katundu kudzera mwa mlamu wawo, popanda mawu aliwonse.

Inu amene munali pamthunzi paja mukudzidziwa. Ndani mwa inu ayambe kukaodira pakhomo pawo?