Ndidamanga Nyumba pa Nthaka ya Alamu Anga

Chaka chomwe thonje lidagwa mtengo, ogula n'kumatiseka pa sikelo, ndidauza mkazi wanga Feliya kuti ine ndikupita ku Joni. Sindidafunse nzeru kwa munthu. Ine Alufandika, mwana wa kwa Makhuwira, ndidakwatira chikamwini kwa Katunga, ndipo ndidatopa ndi pakamwa pa alamu anga a Zakeyu, mchimwene wake wa Feliya. Akangolawa kachasu ankayamba: "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka." Ndidati chabwino, mlamba umenewu udzakumangirani nyumba ya malata pano pomwe, muzidzaona dzuwa likuthwanima padenga muli ku dimba.

Sukulu ndidaithawa ndisanadziwe zambiri, koma manja ndinali nawo. Ku Joni ndidayamba ndi kudula kapinga, kenaka ndidapeza ntchito yosamala mzungu wina wokalamba amene miyendo idamukana. Kumunyamula, kumusambitsa, kumukankha pa njinga yake, zonse ine. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri, kozizira ngati m'mtsuko. Munthu wobadwira m'ng'anjo ya Chikwawa, kugona ndi majekete awiri! Lamulungu ndinkadya ndekha, n'kumayankhula ndi mphika, chifukwa kunja wopanda mapepala sayenda mwamatama.

Foni yochokera kumudzi inali ndi mutu umodzi ndi mchira umodzi. Mutu, "Mwadzuka bwanji?" Mchira, "Simenti yatha." Ndinkatumiza. A Zakeyu ndiwo ankayang'anira amisiri, ndipo masiku amenewo sankanditchanso mlamba ayi. Ankati, "Alamu anga, mzati wa mudzi uno!"

Tsiku lina kwa bwana wanga kudabwera loya. Ine ndikupereka tiyi, ndidamva nkhalamba ija ikukonza zonse ili maso: mutu ukadzasokonekera ndalama adzasunge ndani, nyumba idzakhale ya yani, iye adzamusiye kunyumba iti ya okalamba, mpaka manda. Nyumba za okalambazo ndidaziona, agogo atandandalikidwa kutsogolo kwa kanema ngati mbuzi za pamsika wa Nchalo, fungo la mankhwala lokhalokha. Loya atachoka, bwana adandifunsa kuti nanga ine ukalamba wanga ndaukonzera chiyani. Ndidaseka mpaka kutsokomola. "Bwana, kwathu kusamala kholo sitisainirana. Ndili ndi mkazi, ana, abale mbali ziwiri za Shire, ndi nyumba ya malata."

Feliya naye adayesapo kamodzi pa foni. "Bambo a Esinati, bwanji tigule kapuloti ku Dyeratu m'dzina lanu? Zamawa sizidziwika." Ndidamukalipira. "Iwe, ukudziitanira imfa kapena ukuitanira ine? Zotere sitilankhula." Kwathu ndi mmene zilili, munthu wamoyo sagawa katundu wake ngati wafa kale.

Feliya adamwalira ine ndili komweko. Ndidatumiza ya bokosi, maliro ndidalirira m'kachipinda kaja. Pasanapite nthawi bwana adapita kunyumba yake ya okalamba, monga adakonzera, ntchito n'kutha. Maondo anga nawo anali atayamba kulira. Ndidamanga katundu.

Basi itatsika phiri n'kufika pa Thabwa, mphepo yotentha idandimenya kumaso, ndidati eya, ndafika. Nyumba ndidaipeza, yokongola kuposa pa chithunzi. Abale a Feliya adandiphera mbuzi. Ndidagona pabedi langa milungu ingapo ngati bwana.

Kenaka ankhoswe adaitanitsa mwambo wa kusudzula. Amene simudziwa, mkazi akamwalira abale ake amamasula mwamuna kuti ukwati watha. Adayala mphasa, adabweretsa thobwa, a Zakeyu n'kuika kandalama m'mbale patsogolo panga. Adalankhula mokoma ngati abusa.

"Alamu, mudatisungira bwino mlongo wathu. Lero takumasulani. Njira ya kwanu ndi yoyera."

"Kwathu kuti? Nyumba yanga ndi iyi."

"Malata ndi anu, sitikukana. Koma dothi ili ndi la amayi athu."

"Nanga mzati wa mudzi uja wapita kuti?"

"Aa, alamu, mzati nawo umafumbwa."

Anthu adaseka, anthu omwe adadya mbuzi yanga. Ndidamva pambuyo pake kuti anali atapeza kale kalaliki wa ku minda ya nzimbe woti achite lendi nyumbayo. Ndidakankha mbale ija ndi phazi.

Ndidawoloka Shire kupita kwa Makhuwira, kwa ana a malemu mlongo wanga, amene mwa mwambo wathu ndiwo mbumba yanga. Adandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Wamkulu adandiyang'ana m'maso. "Malume, zaka zonsezi mwakhala mukunenepetsa mudzi wa eni. Kuno simudatumizeko ngakhale sopo. Munda wanu theka lidapita ndi madzi, theka linalo tikulima ife. Mugona pati?" Mwana amene ndidamunyamula ali wamaliseche! Ndidabwerera tsiku lomwelo.

Ndidakafikanso kukhoti. Mayi wina wa pa desiki adandimvetsera bwino, n'kundifunsa ngati pomanga tidagwirizana chilichonse pamaso pa mboni. Mboni yanga inali Feliya, ndipo Feliya ali pansi. Adati mlandu ndingathe kutsegula, koma udzayenda pang'onopang'ono. Ndi maondo ati okwerera kabaza mwezi ndi mwezi?

Amene adandipulumutsa ndi mwana wanga Esinati, wogulitsa nsomba zouma pa Nchalo. Adabwera ndi dengu lake pamutu, adalitula pakhonde pamaso pa a Zakeyu, osagwada n'komwe.

"Malume, dothi ili mwati ndi la amayi anu. Lidachoka kwa agogo kupita kwa amayi anga, tsono lafika kwa ine. M'nyumba muno ndilowa ine. Kalaliki wanuyo mukamugoneke kwanu."

"Nanga bambo akowa? Tawasudzula kale."

"Ababa ndi mlendo wanga. Mlendo wanga mumuthamangitsa inu?"

Mwambo womwe a Zakeyu adandimenya nawo udawatembenukira.

Mudzati nkhani yatha bwino. Yatha bwino kwa yani? Ine Alufandika, amene ndidapukuta matako a mzungu kuti njerwa izi ziime, lero ndine mlendo. Esinati, mwamuna wake ndi ana adatenga zipinda zazikulu. Ine ndimagona chipinda chomwe ndidamangira njinga ndi matumba a mchewere. Amandisamala, sindinama, madzi osamba amanditenthetsera. Koma Esinati akangotsokomola ine mtima umathamanga, chifukwa akatsogola iye, mbale ija ibweranso. Bwana wanga, amene ndinkamuseka, amadziwa bedi lomwe adzaferepo. Ine ndidaitanitsa mbali zonse ziwiri kuti tikambe pakali pano, ndikadzagwa adzandisunge ndani, adzandiike tsidya liti. Palibe adabwera. Adangotumiza mawu akuti madala akudzilodza.

Dzulo ndili pakhonde ndidaona ngolo ikulowa, yodzaza malata atsopano. Mwamuna wa Esinati, mnyamata wa ku Nsanje wodula nzimbe, akufuna kuwonjezera zipinda ziwiri kumbuyo. Ankatsitsa akuimba mluzu, chifuwa patsogolo. Ndidakuwa mpaka nkhuku kubalalika.

"Inu akamwini! Musanakhome msomali, mwafunsa kuti dothi ili ndi la yani? Mkazi wanu akadzatsogola, mudzanyamula makomawa pamutu?"

Adaima, adavula chipewa mwaulemu, n'kumwetulira ngati akuyankha munthu wodwala mutu.

"Aa, ababa. Zotere sitilankhula."