Kuperekeza Asibweni pa Njinga

Chaka chimene Asibweni anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ana awo anapeza lole yoti isamutse katundu kuchoka pa Boma la Mzimba kupita kumudzi, chakumalire ndi Kasungu. Mabedi, matumba a chimanga ndi nkhuku zinakwera, mayi a kunyumba nawonso anakwera kutsogolo. Asibweni eni akewo anakanitsitsa. Anati anachoka kwawo pa njinga ali mnyamata wokayamba ntchito, ndipo akalowanso pa njinga, atadzera m'masukulu amene anaphunzitsako. Unali ulendo wa masiku anayi.

Sanali abale anga. Ine kwathu ndi ku Dowa, ku Mzimba ndinapitira ntchito, ndipo tinkaphunzitsa sukulu imodzi. Asibweni m'Chitumbuka ndi amalume, ndipo sukulu yonse inkawaitana choncho, mpaka ahedi amene.

Kutatsala tsiku limodzi, mwana wawo wamkazi, amene anali nesi, anandipatulira pambali.

“Achimwene, adada mtima wawo suli bwino. Chaka chomwe chino agonapo m'chipatala. Mukangoona kuti atopa, ndapota, mundiimbire. Galimoto nditumiza.”

Ndinalonjeza ndi mtima wonse. Ndinkadziona kuti ndine munthu wa maso akuthwa, woti sangapusitsidwe ndi nkhalamba.

Tinanyamuka atatu m'mwezi wa Ogasiti, sukulu zitatsekera. Wachitatu anali mlangizi wa zaulimi, mnzathu wa ku Mulanje amene anali atakhalitsa m'dera limenelo. Anali munthu wosapupuluma, woti ngakhale nyumba ikupsa akhoza kuyamba wamanga zingwe za nsapato. Ine ndine waphuma, sindibisa. Njinga yanga inali yatsopano, ya magiya, ndipo ndinkafuna anthu aione ikuthamanga. Ya Asibweni inali yakuda, yolemera, chishalo chake chokulungidwa ndi chigamba cha bulangete. Pa keliyala anamangapo chikwama, pampu, sipanala ziwiri ndi kabotolo ka mafuta a makina osokera.

Masiku amenewo ndimawasowa. Tinkadzuka kukuzizira, manja ali gwa, n'kuyamba kufinya matayala ndi chala. Asibweni ankadontheza mafuta pa tcheni cha aliyense, kenako n'kupemphera mwachidule atagwira handulo. Tiyi tinkamwa pamene tamupeza, ndi mbatata kapena zitumbuwa. M'njira munali fumbi, ngolo za ng'ombe, minda yokololedwa kale ndi zigafa za fodya zopanda kanthu. Pamchenga njinga inkavina, ndipo ndinagwa kawiri tsiku loyamba lomwelo, mlangizi akundifunsa mwaulemu ngati magiya aja analinso ndi ogwetsera.

Kulikonse kumene taima, Asibweni ankapezako munthu amene anamuphunzitsa. Wina wa pagolosale, wina wowotcherera njinga, wina mayi wa ana asanu wochokera kumjigo. Ankatula ndowa, n'kugwada m'mbali mwa msewu, moni wake wosatha, kenako chindongwa chabwera, lomwe ndi thobwa la kumeneko. Ukakana, walakwa. Tinkayenda mimba zikuchita phokoso. Madzulo tinkafikira kunyumba za aphunzitsi, kusamba madzi ofunda kuseri, kuchapa masokosi, n'kugona pamphasa m'kalasi, njinga titazitsamiritsa ku bolodi.

Chimene chinkandinyansa chinali chimodzi. Tikangoyamba kuyenda bwino, Asibweni ankaliza belu.

“Tikhire, ŵana ŵane. Pali malaro apa.”

Ndiye kuti titsike, pali manda. Ankaloza kankhalango ka m'mbali mwa msewu, n'kuvula chipewa, ife n'kumakankha njinga mwakachetechete mpaka tipitirire. Kwathu ndinkadziwa zotsika pa njinga pamene pali maliro, masamba atayalidwa pamsewu. Zotsikira manda akalekale sindinkazidziwa. Koma ndinali mlendo, ndipo mlendo satsutsa mwambo wa eni dziko. Tsiku loyamba tinatsika kanayi. Lachiwiri, tikuyandikira ku Edingeni, ndinasiya kuwerenga.

“Kodi anthu a kuno anatha onse?” ndinadandaula. “Paliponse manda, paliponse manda. Tikafika chaka chamawa!”

“Kuthamanga si kufika, aphunzitsi,” anandiyankha Asibweni akumwetulira. “Ŵapapi ŵithu, makolo athu, tiwapatse ulemu, mbwenu tipita.”

Madzulo alionse nesi ankaimba foni, ine n'kumuuza monyadira kuti bambo ake ali ngati mnyamata. Sindinkanama mwadala. Asibweni sanadandaulepo, sanapemphepo kuti tipume. Wodandaula ndinali ine.

Tsiku lachitatu masana, tayala langa linaphulika titangotsika pa manda ena. Asibweni anakakhala pamthunzi chapatali, ine ndi mlangizi tikumata chubu. Dzuwa linali litandipsereza m'khosi, guluu akukana kugwira, ndipo ndinayamba kulalata kuti manda a kuno andikwana.

Mlangizi anapitiriza kupala chubu ndi kamwala. Kenako anati, “Aphunzitsi, mitengo imene mwaivulira chipewayi ndi bulugamu. Mbande zake ndinagawa ndine.”

Ndinayang'ana. Inalidi bulugamu, yobzalidwa m'mizere.

“Nanga simunaone,” anapitiriza, “kuti manda onsewa ali poyambira chitunda? Pamtsetse sipanafe munthu?”

Ndinakhala pansi, pafumbi pomwepo. Masiku atatu ndinkayenda ndi munthu wodwala, ndikumunyoza mumtima kuti akutichedwetsa, pamene iye ankapempha mpweya m'njira yokhayo imene akanatha osachita manyazi. Ndinawayang'ana pamthunzi paja. Anali atatsamira mtengo, kukamwa kuli yasa, dzanja lili pachifuwa. Atangoona kuti ndikuwayang'ana, anayamba kunamizira kukonza kolala.

Ndinatulutsa foni. Mlangizi sanandiletse. Anangoti, “Mukaimba, galimoto ibwera lero. Akalowa kwawo atakhala kumbuyo ngati thumba la feteleza. Mukapanda kuimba, chikachitika china, mlandu ndi wathu. Ine ndaganiza kuyambira pa Boma, yankho sindinalipeze.”

Ndinakwiya naye chifukwa chosandiuza msanga, ndinakwiya ndi Asibweni chifukwa chondipusitsa, koma kwambiri ndinadzikwiyira ndekha. Kunali kutatsala tsiku limodzi. Foni ija ndinaibwezera m'thumba, ndipo mpaka lero sindinganene motsimikiza kuti ndinachita bwino. Madzulo amenewo nesi ataimba, ndinati zonse zili bwino. Ulendo uno ndinanama ndikudziwa.

Tsiku lomaliza ndinasintha mayendedwe. Ndinasiya kutsogola, ndinkayenda pambuyo pawo, maso ali pamsana. Chitunda chikangoonekera, ndinkayamba ndine kutsika. Pena ndinkati tcheni chikulira, pena ndinkati ndikapatuke kutchire. Pamalo ena nzeru zitandithera, ndinaloza tchire n'kunena kuti ndikuona ngati pali manda.

Asibweni anaima, phazi limodzi pansi, nandiyang'ana nthawi yaitali.

“Apo ndi pamunda wa nandolo, mwana wane.”

Mlangizi anaseka mpaka njinga inamugwera. Asibweni nawonso anaseka, koma kusekako kunathera m'chifuwa, ndipo tinadikira kuti chidutse. Atapukuta pakamwa anati, “Ndiye kuti mwadziwa.”

“Tadziwa, Asibweni.”

“Mwamuimbira nesi uja?”

“Sindinaimbe.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Yewo chomene,” anathokoza, ndipo tinakweranso.

Chitunda chomaliza chinali chachitali, chosapendekeka kwambiri koma chosatha. Kuseri kwake kunali kwawo. Tinaima m'munsi, Asibweni akupumira m'mwamba, milomo itauma. Ndinati tikankhe wapansi, palibe amene akutithamangitsa. Anakana. Anati pamwamba pake pali nyumba zoyamba za mudzi, anthu amva kale kuti akubwera, ndipo sakufuna kuti akaonekere akukoka njinga ngati mbuzi yokana kumsika.

“Ndavuka,” anatero, kutanthauza kuti atopa. Anali koyamba kunena mawu amenewo pa ulendo wonse. “Koma apa pokha ndikwere.”

Njinga yanga ya magiya ija, imene ndinkanyadira pachabe masiku onsewo, inapeza ntchito pamenepo. Ndinaiika m'giya lofewa, n'kubwera pambali pawo, dzanja lamanzere pa handulo, lamanja pamsana pawo. Mlangizi anamasula chikwama chawo n'kuchimanga pa keliyala yake. Tinayamba kukwera. Iwo ankapalasa, ine ndikukankha, mawilo akutsala pang'ono kukhudzana. Ndinkamva kupuma kwawo m'chikhatho changa, ndipo ndinkachita mantha kwambiri, ndikupemphera mapemphero oduka mutu.

Titayandikira pamwamba, madenga a malata anayamba kuonekera, kenako khola la ng'ombe, kenako anthu ataima m'mbali mwa msewu.

“Leka sono,” ananong'ona.

Ndinachotsa dzanja n'kugwira buleki. Anapitirira okha, msana atawongola, chipewa chili bwinobwino pamutu, belu akuliza. Amayi anayamba nthungululu, ena akuthamangira njinga, mayi a kunyumba ataima pakhomo manja ali m'chiuno ngati akufuna kukalipa, koma akulira. Ine ndi mlangizi tinalowa pambuyo, opanda wotiona, ndipo zinatikomera choncho.

Nesi, amene tinamupeza akudikira pamudzipo, ndinamuuza zoona tsiku lomwelo kuseri kwa nyumba. Anandikalipira mawu amene ndinayenera kuwamva. Panapita miyezi asanandiyankhulenso bwino.

Asibweni anakhala pamudzi pawo dzinja limodzi. Anabzala chimanga, koma okolola anali ena, iwo atatisiya kale. Mlangizi anabwerera kwawo ku Mulanje, inenso anandisamutsira kwina, ndipo miyendo yanga lero singathenso ulendo wa masiku anayi. Ndimalakalaka m'mawa wozizira uja, fungo la guluu, ndi kukangana kwathu kopanda pake m'njira.

Pasukulu paja tonse tinkawaona ngati chimunthu, mawu awo ankamveka kuchokera ku Sitandade 8 mpaka kubwalo la mpira. Koma pa chitunda chija, pansi pa jekete lawo, dzanja langa linkagwira nthiti zokhazokha. Anali opepuka ngati mwana wa Sitandade 3, ndipo sindinauzepo munthu.