Munsi Wachiwiri

M'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndinkaphunzitsa pa sukulu yaing'ono ya mishoni ku Chiparamba. Mkazi wanga anamwalira m'dzinja, chimanga chisanache. Ndinabwerera ku ntchito msanga, poti ana sakanadikira.

Kalasi yanga inali ya oyamba kumene Chingerezi. Munali tiana, anyamata oyamba kumera ndevu, ndi atsikana ochepa. Buku lathu linkanena za sitima zapamadzi ndi misewu ya ku Ulaya, zinthu zimene ngakhale ine ndinangoziona pa zithunzi ku koleji. Anawo ankabwereza mawu mokweza pambuyo panga, koma kukacha m'mitu muli mbee.

Tsiku lina ndinatseka bukulo n'kulemba pa bolodi mawu a nyimbo imene malemu ankaimba posinja: "Gaga kwa nkhuku, mphale kwa ine." Ndinati tiwatembenuzira m'Chingerezi limodzilimodzi. Kalasi inadzuka. Nkhuku tinaipeza msanga, koma pa gaga tinakangana nthawi yaitali, ena akuti Azungu sangakhale ndi dzina la chinthu chimene sanachionepo.

Kenaka mtsikana wamkulu wa kumbuyo anaimika dzanja.

"Aphunzitsi, amenewo ndi mawu ovomera chabe. Nanga oyambitsa ali kuti? Nyimbo yanuyi ilibe mutu."

Ankanena zoona. Malemu ankasinja kuseri kwa nyumba pamodzi ndi mkulu wake, amene ankachokera kumudzi kwawo tsidya la dambo. Ine ndinkakhala pakhonde ndi masileti, ndipo ndinkangomva povomera, chifukwa m'pamene ankakweza mawu. Apo ndinazindikira kuti ndili ndi kachidutswa chabe ka nyimbo ya mkazi wanga, ndipo wodziwa yonse watsala mmodzi. Kumudziko ndinali ndisanapondeko chiikire maliro.

Loweruka ndinawoloka dambo. Mlamu wangayo ndinampeza akutongola nsawawa.

"Alamu, mwaikumbukira njira? Ife tinkati anakutengani ku usilikali."

Nditafotokoza chimene ndinadzera, anaseka mpaka kutaya lichero.

"Nyimbo ya pamtondo ndikuuzeni nditakhala pamphasa? Imeneyo imatuluka ndi munsi. Bwerani nawo ana anuwo, chimanga chilipo."

Tinapitadi kalasi yonse, masileti m'khwapa. Minsi iwiri inali itatsamira nkhokwe, ndipo umodzi ndinauzindikira kuti unali wa malemu. Mlamu ananyamula womwewo n'kundipatsa. Atsikana anathamanga kuti andilandire, koma iye anawabweza.

"Iyayi. Wofuna nyimbo ndiye atuluke thukuta."

Ndinavula jekete. Munsi wanga woyamba unagwa m'mphepete mwa mtondo, chimanga chili balala. Amayi a m'mudzimo anasiya ntchito zawo kudzaona mphunzitsi akusinja.

"Alamu, mukusinja kapena mukukumba mbewa? Dikirani wanga utuluke, ndiye wanu ulowe!"

Pang'onopang'ono minsi inayamba kulandizana, ndipo iye anayambitsa:

"Amuna anga ndi ophunzira, denga likudontha iwo akuwerenga."

"Gaga kwa nkhuku, mphale kwa ine!" anavomera amayiwo, ana n'kulowerera.

"Ndinawatuma mchere ku Jemusoni, anabwera ndi botolo la inki."

Ana anayang'anizana. Mnyamata wina analephera kudzigwira, nagwa pansi ndi phwete, ndipo kalasi yonse inatsatira. Aliyense kwathu amadziwa kuti pamtondo m'pamene akazi amanenera amuna awo, poti mawu oimbidwa saimbidwira mlandu. Ine zimenezi ndinkazidziwa bwino. Sindinaganizepo kuti nanenso ndimasinjidwa kuseri kwa nyumba yanga yomwe.

"Mbuzi yadya buku la amuna anga, lero ikulira m'Chingerezi."

Sindinaonepo ana akufunitsitsa mawu ngati tsiku limenelo.

"Aphunzitsi, denga timati chiyani?"

"Nanga kudontha, aphunzitsi?"

"Inkiyo inali yokoma m'ndiwo, aphunzitsi?"

Ndinkayankha ndikupuma wefuwefu, munsi uli m'manja, iwo akulemba pa masileti. Mawu a tsiku limenelo sanawaiwale. Patapita miyezi, mtsikana wina anandilonjera pamsewu n'kundifunsa m'Chingerezi chomveka bwino ngati denga langa likudonthabe.

Mphale itayamba kuyera, mlamu anatsitsa mawu. Panthawiyo amuna ambiri a m'mudzimo anali ku ntchito kutali ku Walale, ena zaka osabwera.

"Anzanga alandira nsalu za ku Walale, ine wanga ndikumuona pakhonde."

Amayi aja anavomera monga kale. Ine ndinaphonya nthawi, minsi n'kugundana.

"Tabwerezani pamenepo, alamu," ndinatero.

Sanandiseke. Anabwereza kawiri, pang'onopang'ono, mpaka ndinawagwira mawuwo onse. Kenaka anandilanda munsi n'kuupereka kwa mtsikana wina, nati chimanga chake ndawononga chokwanira.